Orton Chirwa

Orton Edgar Ching'oli Chirwa (30 Januwale 1919 – 20 Okutobala 1992) anali loya komanso wandale wa ku Malawi. Iye anali munthu wakuda woyamba wa m'dziko la Nyasaland kumaliza maphunziro a zamalamulo ku England ndi kuloledwa kuimira anthu pa milandu m'makhoti akuluakulu. Mu 1959 anayambitsa chipani cha Malawi Congress Party, chomwe mwachidule chimatchedwa MCP, ndipo anali mtsogoleri wake woyamba. Dziko litayandikira kulandira ufulu wodzilamulira, anakhala nduna ya zachilungamo komanso loya wamkulu wa boma. Atasemphana maganizo ndi Hastings Kamuzu Banda mu 1964, anathawira ku Tanzania. Mu 1981 anagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera Chirwa, ndipo khoti la mafumu linawaweruza kuti aphedwe, popanda kuwalola kukhala ndi loya wowaimira. Chilangocho chinasinthidwa kukhala cha ndende moyo wonse. Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba ali ndi zaka 73.

Ubwana ndi maphunziro

Chirwa anabadwira m'boma la Nkhata Bay, kumpoto kwa dziko la Malawi, pakati pa Atonga. Dera limeneli linalandira sukulu msanga chifukwa amishoni a Livingstonia anakhazikika ku Bandawe mu 1881. Kotero anthu ambiri a m'mbali mwa nyanja kumeneko anadziwa kuwerenga ndi kulemba kale kwambiri, ndipo ambiri ankapita kukagwira ntchito ku Rhodesia ndi ku South Africa.

M'zaka zimenezo m'Nyasaland munalibe yunivesite. Sukulu ya sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940, Chirwa ali kale wamkulu. Munthu wofuna digiri ankayenera kutuluka m'dziko. Chirwa anapita ku koleji ya Fort Hare ku South Africa, komwe kunkaphunzira ophunzira akuda ochokera m'mayiko ambiri a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa. Pa koleji yomweyi panadutsanso Nelson Mandela, Oliver Tambo, Robert Mugabe, Herbert Chitepo ndi Henry Masauko Chipembere.

Atabwerera kwawo anagwira ntchito ya uphunzitsi, ndipo anaphunzitsapo pa koleji yosula aphunzitsi ya Domasi m'boma la Zomba. Mu 1951 anakwatira Vera Chibambo, yemwe anabadwa mu 1932. M'chaka chomwecho analemba chikalata chachitali chotsutsa maganizo ophatikiza Nyasaland ndi mayiko awiri a Rhodesia m'chitaganya chimodzi. Chikalatacho chinaperekedwa kwa nduna za boma la Britain zimene zinabwera kudzamva maganizo a anthu. Ngakhale anthu akuda ambiri anakana, chitaganyacho chinakhazikitsidwa mu 1953. Zitatero, Chirwa anagwirizana kwa kanthawi ndi Charles Matinga m'gulu la Nyasaland Progressive Association, limene linkafuna kugwira ntchito m'kati mwa chitaganyacho m'malo molimbana nacho. Gululi silinakope anthu ambiri.

Maphunziro a zamalamulo ku London

Chapakati pa zaka za m'ma 1950, Chirwa anasiya uphunzitsi n'kupita ku London kukaphunzira zamalamulo. Anali atapitirira kale zaka 35 ndipo anali ndi banja.

Ku England ntchito ya uloya inagawika pawiri. Maloya ena amakhala mu ofesi, amalandira anthu, amalemba mapangano ndi kukonza zikalata za makampani. Ena ntchito yawo yaikulu ndi kuima pamaso pa jaji ndi kulankhulira munthu pa mlandu, ndipo amenewa amatchedwa barrister. Wofuna kukhala loya wa mtundu wachiwiriwu amayenera kulowa limodzi mwa mabungwe anayi akale a maloya a mumzinda wa London, omwe ndi Lincoln's Inn, Gray's Inn, Inner Temple ndi Middle Temple. Wophunzira ankalemba mayeso a zamalamulo, komanso ankayenera kudya nawo chakudya chamadzulo m'holo ya bungwe lake kangapo pa teremu, kuti azolowerane ndi maloya akuluakulu ndi majaji. Akakwaniritsa zonsezi, bungwelo linkamulandira pa mwambo wapadera ndi kumulola kuyamba ntchito.

Chirwa analowa bungwe la Lincoln's Inn ndipo analandiridwa monga loya mu 1958. Zaka zinayi m'mbuyomo, Herbert Chitepo anali atakhala loya wakuda woyamba wa ku Southern Rhodesia kudzera m'njira yomweyi. M'mayiko ambiri olamulidwa ndi Britain, maloya akuda oyamba ankapezeka kuti alowa ndale, chifukwa zipani zomenyera ufulu zinkasowa anthu odziwa malamulo a atsamunda.

Kuyamba ntchito ya uloya

Chirwa anabwerera ku Nyasaland mu 1958, chaka chimene Banda anafikanso m'dziko pa 6 Julayi kudzatsogolera chipani cha Nyasaland African Congress. Anayamba ntchito ya uloya ku Blantyre, komwe kunali Khoti Lalikulu ndi maofesi a makampani.

Panthawiyo maloya a m'dzikoli anali azungu ndi amwenye, ndipo anali ochepa. Makampani a maloya, monga Wilson and Morgan ya ku Blantyre, ankadalira kwambiri ntchito zochokera ku mabanki, kwa amalonda ndi kwa eni maesiteti a tiyi ndi fodya. Munthu wakuda wamba sankakwanitsa kulipira loya. Anthu okhala pa maesiteti a ku Thyolo, Chiradzulu, Zomba ndi Mulanje, komwe panthawiyo kunkaphatikizapo dera la Phalombe, ankagwira ntchito ya thangata polipira malo okhalapo, ndipo akakangana ndi mwini esiteti nthawi zambiri analibe wowalankhulira. Milandu yambiri ya anthu akuda inkathera m'mabwalo a mafumu kapena pamaso pa DC, yemwe anali woyendetsa boma komanso woweruza milandu nthawi imodzi.

Ntchito ya Chirwa sinatsate njira ya makampani a maloya aja. Anakhala mlangizi wa chipani cha Congress pa zamalamulo ndipo ankaimira mamembala ake amene ankazengedwa milandu chifukwa cha misonkhano ndi zionetsero. Mwa maloya achizungu, mmodzi amene anachitanso zofanana ndi zimenezi anali Colin Cameron wa ku Scotland, yemwe anabwera mu 1957 kudzagwira ntchito m'kampani ya maloya ku Blantyre koma pambuyo pake anagwirizana ndi omenyera ufulu.

Kumangidwa mu 1959 ndi kuyambika kwa MCP

Chirwa anali asanathe chaka pa ntchito yake pamene bwanamkubwa Robert Armitage analengeza pa 3 Malichi 1959 kuti dziko lili pa ngozi. Lamulo limeneli linapatsa boma mphamvu yotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Chipani cha Congress chinaletsedwa, Banda anatumizidwa kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, ndipo anthu opitirira 1,000 anamangidwa. Tsiku lomwelo asilikali anawombera anthu padoko la Nkhata Bay, kwawo kwa Chirwa, ndipo anthu osachepera 20 anafa. Chirwa anatsekeredwa kundende ya Khami pafupi ndi Bulawayo. Mkazi wake nayenso anamangidwa.

Boma la Britain linatumiza jaji Patrick Devlin kudzafufuza zimene zinachitika. Lipoti lake, lomwe linatuluka mu Julayi 1959, linapeza kuti panalibe umboni wokwanira wa chiwembu chofuna kupha azungu chimene boma linkanena, ndipo linadzudzula mmene apolisi ndi asilikali ankachitira ndi anthu. Chirwa anatulutsidwa mu Ogasiti chaka chomwecho.

Popeza Congress inali yoletsedwa, Chirwa anaona kuti njira imene lamulo linkalola inali yoyambitsa chipani china chokhala ndi dzina latsopano. Pa 30 Sepitembala 1959 iye, Aleke Banda ndi anzawo ena anakhazikitsa MCP. Chirwa anakhala mtsogoleri wogwirizira mpando, ndipo Aleke Banda, yemwe anali ndi zaka 20 zokha, anakhala mlembi wamkulu. Chipanichi chinayambitsa nyuzipepala ya Malawi News ndipo chinakula mofulumira. Chirwa atakumana ndi Iain Macleod, nduna ya ku Britain yoona za mayiko a atsamunda, anamuuza kuti chipanicho sichingakambirane za tsogolo la dziko popanda Banda. Banda anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, ndipo patangopita masiku ochepa Chirwa anamupatsa utsogoleri wa chipani.

Nduna ya zachilungamo

Pa chisankho cha pa 15 Ogasiti 1961 chipani cha MCP chinapambana kwambiri, ndipo Chirwa anasankhidwa kukhala phungu wa Nkhata Bay. Poyamba anapatsidwa udindo wa mlembi wa mu unduna wa zachilungamo, womwe unali wocheperako pa wa nduna. Dziko litayamba kudziyendetsera zinthu zake mu 1963, anakhala nduna ya zachilungamo, ndipo pofika tsiku la ufulu pa 6 Julayi 1964 analinso loya wamkulu wa boma.

Ntchito yaikulu imene anagwira inali yokonzanso makhoti ang'onoang'ono. Kuyambira mu 1933 mafumu ndi amene ankaweruza milandu ya anthu akuda m'mabwalo amene atsamunda anawavomereza. Atsogoleri a MCP ankaona kuti mafumu ena ankagwiritsidwa ntchito ndi boma la atsamunda, makamaka pa milandu ya malamulo a zaulimi amene anthu ankadana nawo. Lamulo la 1962 la makhoti a m'madera linachotsa mafumu pa udindo woweruza n'kuikapo apampando osankhidwa ndi boma. Makhoti amenewa anali pafupi ndi anthu, ankagwiritsa ntchito zilankhulo zawo ndipo ankatsata miyambo yawo pa nkhani za ukwati ndi za chuma cha masiye. Munthu wosakhutira ndi chigamulo ankatha kuchita apilo mpaka kukafika ku Khoti Lalikulu.

Ntchito imeneyi inadzudzulidwanso. Apampando ambiri a makhotiwa anali anthu a chipani, ndipo jaji wamkulu wa nthawiyo anadandaula kuti ndale zikulowerera pa milandu. Bwanamkubwa Glyn Jones anadzudzula unduna wa Chirwa chifukwa chosazenga milandu anthu a chipani amene ankamenya otsutsa, kuwotcha nyumba zawo ndi kuzunza a Mboni za Yehova chisankho cha 1964 chisanachitike. Olemba mbiri ena amaona kuti m'zaka zimenezi Chirwa, monga nduna zinzake, anathandiza kukuza mphamvu za Banda ndi za chipani, zimene pambuyo pake zinadzamutembenukira.

Mkangano wa nduna wa 1964

Patangotha milungu yochepa dziko litalandira ufulu, nduna zinayamba kusemphana ndi Banda. Kumapeto kwa Julayi 1964 Colin Cameron, yemwe panthawiyi anali nduna, anatula pansi udindo pokana maganizo obwezeretsa lamulo lotsekera anthu popanda mlandu. Pa msonkhano wa nduna wa pa 26 Ogasiti, nduna zinauza Banda madandaulo awo. Zinkakana ndalama ya tiki imene odwala anayamba kulipira m'zipatala za boma, kuchedwa kopereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, ubale ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, komanso khalidwe la Banda lochita zinthu yekha ndi kunyoza nduna zake pagulu.

Pa 7 Sepitembala Banda anachotsa Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo awo pogwirizana ndi anzawowo, ndipo Chipembere anachita chimodzimodzi atabwera kuchokera ku Canada. Nyumba ya Malamulo inakumana pa 8 ndi 9 Sepitembala ndipo inavomereza kuti ikukhulupirirabe Banda. Chirwa anali mmodzi mwa amene anayesa kuti pakhale kuyanjana, koma sizinatheke. Chaka chisanathe, iye ndi banja lake anathawira ku Dar es Salaam.

Moyo wa kunja

Ku Tanzania Chirwa anabwerera ku ntchito ya zamalamulo, ndipo ankaimira anthu pa milandu komanso kuphunzitsa. Vera Chirwa anapita ku London kukaphunzira zamalamulo ndipo anakhala mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya. Anagwira ntchito m'boma la Tanzania, kenako anakaphunzitsa zamalamulo pa yunivesite ya Zambia ku Lusaka. M'zaka za m'ma 1970 Orton Chirwa anayambitsa gulu lotsutsa boma la Banda lotchedwa Malawi Freedom Movement, mwachidule MAFREMO.

Ali kunja, makhoti amene anakonza aja anasinthidwa kotheratu. Kuyambira mu 1968 anthu ambiri anaphedwa usiku m'dera la Chilobwe ndi madera ena a mumzinda wa Blantyre. Anthu amene anaimbidwa mlandu wina wa kuphako atamasulidwa ndi Khoti Lalikulu chifukwa chosowa umboni, Banda anakwiya. Mu 1969 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la makhoti a m'madera n'kukhazikitsa makhoti a mafumu atatu, limodzi m'chigawo chilichonse, komanso khoti la mafumu lomva ma apilo a dziko lonse. Makhotiwa anapatsidwa mphamvu yoweruza milandu yakupha ndi kupereka chilango cha imfa. Oweruza ambiri anali mafumu osankhidwa ndi Banda, amene ankathanso kuwachotsa. Woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, ndipo apilo sinkapitanso ku Khoti Lalikulu. Majaji achingerezi a Khoti Lalikulu anatula pansi maudindo awo posagwirizana ndi zimenezi. Mu 1976 makhotiwa anapatsidwanso mphamvu yoweruza milandu youkira boma, ndipo Albert Muwalo, yemwe anali mlembi wamkulu wa MCP, anaweruzidwa kumeneko n'kunyongedwa mu 1977.

Kugwidwa ndi kuzengedwa mlandu

Pa 24 Disembala 1981 Orton Chirwa, Vera Chirwa ndi mwana wawo Fumbani anagwidwa ndi achitetezo a boma la Malawi. Banjali linanena kuti linabedwa m'dziko la Zambia, m'dera la Chipata. Boma la Malawi linanena kuti linawagwira atalowa m'dziko kudzera m'boma la Mchinji ndi cholinga chodzagwetsa boma. Fumbani anasungidwa m'ndende kwa zaka zopitirira ziwiri popanda kuzengedwa mlandu, kenako anatulutsidwa.

Mlandu woukira boma unayamba mu Julayi 1982 m'khoti la mafumu la chigawo cha kum'mwera, ku Soche mumzinda wa Blantyre. Oimbidwa mlandu onse awiri anali maloya, koma lamulo silinawalole kulemba loya wina wowaimira, choncho anadziimira okha. Anatsutsa zoti khotilo linali ndi mphamvu yoweruza anthu amene anatengedwa mokakamiza kuchokera kudziko lina. Anapemphanso kuti aitane mboni zawo zochokera kunja, koma khoti linakana. Mu Meyi 1983 onse awiri anapezeka olakwa ndipo anagamulidwa kuti anyongedwe.

Anachita apilo ku khoti la mafumu la dziko lonse. Mu Febuluwale 1984 khotilo linadzudzula zinthu zambiri zimene khoti loyamba linachita pozenga mlanduwo, komabe linasiya chigamulo chili chomwecho. Mayiko, mipingo ndi mabungwe a maloya anapempha Banda kuti asawaphe. Bungwe la Amnesty International linawatenga monga akaidi omangidwa chifukwa cha maganizo awo. Mpingo wa Church of Scotland, womwe Banda anali mkulu wa mpingo wake, unatumiza m'busa Andrew Doig kudzawapepesera. Pa 30 Juni 1984 Banda anasintha chilangocho kukhala cha ndende moyo wonse.

Ndende ndi imfa

Chirwa anakhala zaka pafupifupi 11 m'ndende, nthawi yambiri ali m'chipinda cha yekha, ndipo nthawi zina ankamangidwa maunyolo m'miyendo. Chakudya chinali chosakwanira ndipo sankalandira chithandizo choyenera cha mankhwala. Iye ndi mkazi wake ankasungidwa m'ndende imodzi ya Zomba koma sankaloledwa kuonana.

Mu 1992 zinthu zinayamba kusintha m'dziko. Pa 8 Malichi kalata ya maepiskopi a mpingo wa Katolika yodzudzula kuphwanya ufulu wa anthu inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo mu Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Sepitembala gulu la maloya ochokera ku Britain linaloledwa kukaona Chirwa kundende. Anamupeza atafooka, sakumva bwino ndiponso sakuona bwino. Pa ulendo umenewu anaonana ndi mkazi wake koyamba patapita zaka 8.

Chirwa anamwalira m'ndendemo pa 20 Okutobala 1992, patangopita masiku awiri Banda atalengeza kuti kudzakhala riferendamu yofunsa anthu ngati akufuna ndale za zipani zambiri. Anaikidwa m'manda kwawo ku Nkhata Bay. Vera Chirwa anatulutsidwa pa 24 Januwale 1993.

Zimene zinatsatira

Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu ambiri anasankha ndale za zipani zambiri. Chaka chomwecho makhoti a mafumu a m'zigawo ndi khoti lawo la apilo analeka kugwira ntchito. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 amapereka kwa aliyense woimbidwa mlandu ufulu wokhala ndi loya, woitana mboni ndi wochita apilo ku khoti lapamwamba. Amanenanso kuti makhoti a mafumu kapena a m'madera angaweruze milandu ya miyambo ndi milandu ing'onoing'ono yokha.

Mlandu wa banja la Chirwa unafikanso ku bungwe la mayiko a mu Africa loona za ufulu wa anthu, lomwe likulu lake lili ku Banjul m'dziko la Gambia. Bungweli linaumva pamodzi ndi dandaulo lokhudza Aleke Banda, yemwe anatsekeredwa kwa zaka 12 popanda mlandu. Linagamula kuti dziko la Malawi linaphwanya ufulu wawo, ndipo kuzenga munthu mlandu popanda kumulola kukhala ndi loya kunali chimodzi mwa zifukwa zake. Linanenanso kuti boma latsopano limasenza udindo wa zolakwa za boma limene lalowa m'malo mwake. Vera Chirwa anayambitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu wamba pa nkhani za malamulo, ndipo pambuyo pake anasankhidwa kukhala mmodzi wa makomishonala a bungwe la ku Banjul lija, komwe ankayang'anira za ndende za mu Africa. Buku la mbiri ya moyo wake, Fearless Fighter, linatuluka mu 2007.

Masiku ano maloya ambiri a ku Malawi amaphunzira m'dziko momwemo, makamaka pa yunivesite ya Malawi ku Zomba, mzinda umene Chirwa anagwirako ntchito ya unduna ndi kumwalirirako. Mumzinda wa Mzuzu muli msewu waukulu wotchedwa Orton Chirwa Avenue pokumbukira dzina lake.